Nkhani zakale, malonda atsopano: macheza a akatswiri opuma m'sabata ya Super Bowl

Matimu awiri oti akalimbirane chikho cha Super Bowl akangodziwika, pamatsala masabata awiri kuti mpirawo useweredwe. Ligi ya NFL, yomwe imayendetsa mpira wa ku America uja amasewera atavala zisoti zolimba n'kumathamanga nawo uli m'manja, ili ndi matimu 32. Ndiye kuti matimu 30 amakhala atalongedza kale, osewera awo ali kutchuthi. Koma mawayilesi amasewero, omwe ku America amapezeka pafupifupi mumzinda waukulu uliwonse ndipo amakamba za mpira kuyambira mbandakucha mpaka usiku, satseka. Maola onsewo amafuna munthu woti alankhule. Omwe amadzaza mpatawu, makamaka m'sabata yachiwiriyo, ndi amuna omwe anasiya kusewera zaka 5, ena 20, ena mpaka 50 zapitazo.

Yemwe amatsata zamasewero pa Facebook kapena YouTube mwina anaonapo tizidutswa ta macheza amenewa kumayambiriro kwa Febuluwale: chimunthu chadzitho, imvi zili mbuu, mphete yonyezimira ili pachala, chikuseka uku chikusimba za masewero a 1986. Zimaoneka ngati mtolankhani wangokumana ndi mkhalakale mwamwayi n'kumupempha mawu awiri atatu. Si mmene zimakhalira. Kuseri kwake kuli ndondomeko, kuli ndalama, ndipo nthawi zina kuli zowawa zomwe ligi ikanakonda zisamveke m'sabata yake ya chikondwerero.

Malo omwe izi zimachitikira amatchedwa Radio Row. Nthawi zambiri imakhala holo yaikulu m'nyumba yochitira misonkhano ya mumzinda womwe ukulandira masewerowo. Mu 2024 ku Las Vegas kunali ku Mandalay Bay, mu 2025 ku New Orleans kunali ku Ernest N. Morial Convention Center. M'katimo amandandalika matebulo m'mizere, lililonse ataliyala nsalu yolembedwa dzina la wayilesi, pamwamba pali mamaikolofoni atatu kapena anayi ndi mahedifoni, zingwe zitayanga pansi ponse. Makampani akuluakulu a kanema amamanga nsanja zawo m'mbali. Nyumba zoulutsa mawu zoposa 100 zimalowa m'holo imodzi, zonse zikulankhula nthawi imodzi. Lolemba alendo amasowa, atolankhani amangofunsana okhaokha. Pofika Lachinayi, chomwe chimasowa ndi popondera.

Mwambowu si wakale kwenikweni. Super Bowl yoyamba inaseweredwa pa 15 Januwale 1967 ku Los Angeles, Green Bay Packers n'kugonjetsa Kansas City Chiefs 35-10, mipando yambiri m'bwalomo ili yopanda anthu. Wayilesi yoyamba yokamba zamasewero zokhazokha usana ndi usiku, WFAN ya ku New York, inatsegulidwa mu 1987. Chiyambi cha Radio Row ambiri amachiika mu 1992, pomwe aulutsi awiri a wayilesiyo, Mike Francesa ndi Chris Russo, anakaika tebulo lawo pamalo ofikira alendo pa hotela ina ku Minneapolis n'kumakola aliyense wodziwika yemwe akudutsa. Mawayilesi ena ataona kuti anzawo akupeza alendo osatuluka thukuta, anatsatira, ndipo ligi inayamba kuwakonzera malo.

Wina angafunse kuti bwanji osangofunsa osewera a matimu awiri omwe afika ndime yomalizawo. Amafunsidwa ndithu, ndipo ndi lamulo la ligi kuti ayankhe. Kale tsiku lake linali Lachiwiri masana. Kuyambira 2016 ligi inasamutsira chionetserochi Lolemba usiku n'kumachiulutsa pa kanema, ochemerera akugula matikiti kuti adzaone anthu akufunsidwa mafunso. Vuto ndi loti osewerawo amatha ola lathunthu akulankhula osanena kanthu. Aphunzitsi amakhala atawachenjeza kuti mawu alionse onyoza timu inayo akamatidwa pakhoma m'chipinda chovalira cha anzawowo kuti awapsetse mtima. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mu 2006 Jerramy Stevens wa Seattle Seahawks ananena kuti nkhani ya Jerome Bettis wa Pittsburgh, yemwe ankatsiriza mpira wake mumzinda wa kwawo ku Detroit, ndi yokoma ndithu koma ithera m'chisoni chifukwa achoka wopanda chikho. Joey Porter wa Pittsburgh Steelers anawatola mawuwo n'kuyenda nawo sabata yonse. Pittsburgh inapambana 21-10, Stevens atagwetsa mipira ingapo.

Mu 2015 Marshawn Lynch, wa Seattle yomweyo, anaonetsa poyera chomwe anzake ambiri amabisa. Ligi inali itamulipitsa kale madola 100,000 chifukwa chokana kulankhula ndi atolankhani. Anabwera, nakhala pampando mphindi pafupifupi zisanu, funso lililonse n'kumaliyankha ndi chiganizo chimodzi chomwechomwecho, choti wabwera pothawa chindapusa basi.

Wopuma alibe mphunzitsi woti amuope. Akhoza kunena mosapsatira kuti quarterback wa timu yakuti, yemwe ndi woponya mpira komanso woyendetsa timu ikamaukira, amanjenjemera akapanikizidwa. Ali ndi nkhani zakupsa kale, zomwe wazisimba kambirimbiri mpaka amadziwa pomwe anthu aseke. Joe Namath ndi chitsanzo chake. Mu Januwale 1969, kutatsala masiku atatu, analonjeza pagulu ku Miami kuti New York Jets igonjetsa Baltimore Colts, timu yomwe pafupifupi aliyense ankati singagwe. Zinachitikadi, 16-7. Papita zaka zoposa 50, koma Febuluwale aliyense lonjezo lija limafukulidwa, ndipo kwa zaka zambiri Namath wakhala akuonekera pa kanema akutsatsa za inshuwalansi ya chipatala ya anthu okalamba, msinkhu wa omwe anamuona akusewera.

Apa tafika pa ndalama. Wayilesi kawirikawiri silipira mlendo wa pa Radio Row. Amalipira ndi kampani yomwe yamubweretsa. Kampani ya malezala, ya matiresi, ya pizza, ya mankhwala opaka m'mfundo zophwanya, imapangana ndi katswiri wopuma kuti akhale wake tsiku limodzi kapena awiri. Imamupatsa womuyendetsa, nthawi zambiri wachinyamata, yemwe amagwira foni ndi pepala la ndondomeko: nthawi yakuti wayilesi ya ku Boston, pakatha mphindi 10 ya ku Dallas, kenaka podcast yakutiyakuti. Mlendo amakhala pansi, amavala hedifoni, amayankha za mpira mphindi 7 kapena 8. Kenaka womuyendetsa uja, yemwe waima kumbuyo kwa woulutsa, amazunguza chala m'mwamba. Woulutsa amadziwa kale tanthauzo lake, ndiye amatembenuza nkhani: tatiuzeni, akulu, mwabwera ndi ndani chaka chino? Mphindi yotsalayo ndi ya lezala. Akatero mlendo amadzuka, wina movutikira chifukwa cha maondo, n'kupita patebulo lotsatira kukasimba nkhani yomwe ija, nthabwala yake pamalo omwe aja.

Zili ngati kusinthana kwa kumudzi, wina nyemba wina chimanga, ndalama osaoneka pakati pawo. Wayilesi yapeza dzina lalikulu mwaulere, kampani yapeza kamphindi kotsatsa malonda m'mizinda yambirimbiri patsiku limodzi. Ndipo kampaniyo yapulumutsa zochuluka. Masekondi 30 otsatsa malonda mkati mwa masewero enieniwo ankagulidwa madola pafupifupi 40,000 mu 1967. Mu 2025 ena analipira madola 8 miliyoni, chifukwa oonera ku America kokha anafika 127.7 miliyoni. Komanso ligi imalondera dzina loti Super Bowl molusa, moti kampani yomwe sinasainirane nayo siloledwa kulitchula potsatsa malonda. Njira yozembera ndi kubwereka munthu yemwe nkhope yake yokha imakumbutsa anthu za chikhocho.

Ine sindiona cholakwika chachikulu pa kusinthanaku pakokha, poti sikuchitika mobisa. Dzina la kampani limakhala pachipewa kapena pamalaya. Chomwe chasintha ndi katundu wake. Kwa zaka zambiri NFL sinkafuna n'kumva komwe za njuga. Mu 2015 inachenjeza osewera ake kuti asapite kumsonkhano wa ochemerera womwe Tony Romo, quarterback wa Dallas Cowboys pa nthawiyo, anakonza ku Las Vegas, chifukwa malowo anali a eni kasino, ndipo msonkhanowo unalephereka. Mu Meyi 2018 khothi lalikulu la America linathetsa lamulo lomwe linkaletsa kubetcha pa masewero m'madera ambiri a dzikolo. Pofika 2021 ligi yomwe ija inali itasainirana ndi makampani obetcha a Caesars, DraftKings ndi FanDuel, ndipo mu 2024 Super Bowl inakaseweredwa ku Las Vegas komweko. Wosewera yemwe akadali m'ligi akabetcha pa masewero a NFL amaimitsidwa, monga zinamuchitikira Calvin Ridley yemwe anakhala kunja chaka chonse cha 2022. Wopuma lamuloli silimugwira. N'chifukwa chake makampani obetcha amathamangira kwa opuma: Peyton ndi Eli Manning anatsatsa Caesars, Rob Gronkowski anamenya mpira pa kanema mkati mwa Super Bowl ya 2023 potsatsa FanDuel, n'kuphonya. Ndiye mkhalakale akamanenetsa kuti timu yakuti ipambana ndi mapointi oposa atatu, yang'anani kaye dzina lomwe lili pamalaya ake musanatulutse yanu. Ulosi wake nawonso kawirikawiri umapendekera ku timu yomwe anasewerako, kapena kwa mphunzitsi yemwe ndi mnzake.

Chomwe amadziwadi, chomwe mtolankhani yemwe sanavalepo chisoti sangachidziwe, ndi tinthu ting'onoting'ono ta tsikulo. Kupumula kwa pakati pa masewero kumakhala mphindi 13 m'masewero wamba, koma pa Super Bowl kumayandikira theka la ola chifukwa cha oimba, ndipo thupi limazizira. Miyambo yotsegulira imatalika, moti wina amatha mphamvu ndi phuma mpira usanayambe. Achibale, anzako a kusukulu ndi anthu omwe unawaiwala kalekale onse amafuna matikiti, ndipo omwe anadutsamo amalangiza kuti za matikiti zithe m'sabata yoyamba, foni izimitsidwe. Woulutsa wodziwa ntchito amakokera machezawo kumeneko, ndipo ndi pomwe amakoma.

Opumawa sali pamlingo umodzi. Pamwamba pali omwe safunika kuyenda tebulo ndi tebulo chifukwa maikolofoni ndi yawo kale. Tom Brady, yemwe anatenga chikhochi maulendo 7, anasainirana ndi kanema wa Fox mgwirizano womwe malipoti anati ndi wa madola 375 miliyoni pa zaka 10, ndipo ndi iye ankafotokoza masewero a 2025 pomwe Philadelphia Eagles inaswa Kansas City Chiefs 40-22. Romo ali ku CBS, Troy Aikman ku ESPN, Michael Strahan amaonekera ngakhale pa pologalamu ya m'mawa yosakhudza mpira. Amenewa ndi owerengeka.

Kenaka pali a majekete agolide, omwe analowetsedwa mu Pro Football Hall of Fame, nyumba yokumbukira akatswiri yomwe ili ku Canton, ku Ohio. Jeketeyo ndi ulemu, komanso imakweza mtengo wa munthu pamaso pa makampani aja. Mayina a olowa chaka chimenecho amalengezedwa m'sabata yomweyi, pamwambo wa NFL Honors womwe unayamba mu 2012, ndipo ambiri mwa osankha ndi atolankhani. Ndiye kuti macheza ena omwe timaona ndi kampeni chabe: wina akudzinenerera yekha, wina akunenerera mnzake yemwe watopa n'kudikira. Jerry Kramer wa Green Bay anasiya kusewera mu 1968 nalowa mu 2018, patapita zaka 50. Terrell Owens, yemwe luso lake palibe ankalitsutsa koma ankakhalira kuyambana ndi aphunzitsi ndi atolankhani, anamudikiritsa zaka ziwiri. Atamusankha mu 2018 anakana kupita ku Canton, nakalankhulira ku yunivesite yake yakale ku Chattanooga.

Gulu lomwe limandichititsa chidwi kwambiri ndi la anthu omwe mbiri yawo yonse ili pa kanthawi kamodzi. David Tyree wa New York Giants anawakha mipira inayi yokha m'masewero onse a ligi a 2007. Mu Febuluwale 2008, kutatsala pafupifupi mphindi imodzi, timu yake ili kumbuyo, anadumpha n'kupanikiza mpira pachisoti chake ndi dzanja, Rodney Harrison akumukokera pansi, koma osaugwetsa. Giants inagonjetsa New England Patriots 17-14, timu yomwe inali isanagonjepo chaka chonsecho. Umenewo unali mpira wake wotsiriza kuwakha mu NFL, ndipo chaka ndi chaka amafunsidwa za masekondi omwewo. Mercury Morris wa Miami Dolphins ya 1972, timu yokhayo yomwe inapambana masewero ake onse, 17, mpaka kutenga chikho, ankasakidwa nthawi iliyonse timu ina ikaoneka ngati ifika pamenepo, mpaka anamwalira mu 2024. Ena funso lawo la chaka ndi chaka ndi lolasa mtima. Jim Kelly anafika ndime yomaliza kanayi motsatizana ndi Buffalo Bills n'kugonja maulendo onse. Dan Marino anafika kamodzi, mu Januwale 1985, m'chaka chake chachiwiri m'ligi, osadzabwererakonso.

Doug Williams ndi nkhani ina. Mu Januwale 1988 anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ngati quarterback n'kupambana Super Bowl, Washington itakwapula Denver Broncos 42-10, pa nthawi yomwe aphunzitsi ambiri ankaona ngati udindowu ndi wa azungu. Sabata imeneyo mafunso ambiri omwe analandira anali a khungu lake, osati a mpira. Mu 2023, Patrick Mahomes ndi Jalen Hurts atakumana, koyamba kuti matimu onse awiri atsogoleredwe ndi anthu akuda, atolankhani anabwerera kwa Williams. Munthu wotere amaitanidwa ngati mboni, kaya wabwera ndi kampani kaya ayi.

Nanga munthu yemwe timamuganizira kuti ankalandira mamiliyoni angavomerenji kuyenda tsiku lonse akutsatsa matiresi? Ambiri mamiliyoniwo sanawaone. Omwe anasewera isanafike 1993, chaka chomwe osewera anapeza ufulu wodzisankhira timu mgwirizano wawo ukatha, ankalandira zochepa, ndipo a m'ma 1960 ambiri ankagwira ntchito zina ligi ikatsekera. Komanso moyo wa mu NFL ndi waufupi: bungwe la osewera, NFLPA, limati wosewera wamba amakhalamo zaka zitatu ndi miyezi yochepa. Pali chiwerengero chomwe chimabwerezedwa kwambiri, chochokera m'magazini ya Sports Illustrated mu 2009, choti osewera 78 mwa 100 alionse amagwa m'mavuto azachuma pasanathe zaka ziwiri atapuma. Ofufuza omwe anakafukula m'mabuku a makhothi mu 2015 anapeza kuti omwe anakalengeza kukhothi kuti ngongole zawakulira, mkati mwa zaka 12 atapuma, ndi pafupifupi 16 mwa 100. Chachiwirichi n'chomwe chili ndi maziko ooneka, ngakhale sichiwerenga omwe akuvutika chamumtima osapita kukhothi.

Koma pali mbali ina ya sabatayi yomwe imandiletsa kuinyoza. Kwa munthu yemwe dziko linamuiwala, ino ndi sabata yokhayo pachaka yomwe atolankhani masauzande amakhala pamalo amodzi akusowa cholemba. Opuma ena anaiona mfundo imeneyi. Mu Febuluwale 2007 ku Miami, Chicago Bears ili m'ndime yomaliza, wayilesi iliyonse inkafuna Mike Ditka, yemwe anali mphunzitsi wa timuyo pomwe inatenga chikho mu 1986. Iye ndi Jerry Kramer anatengerapo mwayi kulankhula za anzawo akale omwe ankalephera kulipira chipatala ndi lendi, napempha anthu kuti aponye kangachepe m'thumba lowathandiza la Gridiron Greats. Nkhani ya Herb Adderley, katswiri wa Green Bay ndi Dallas, wa jekete yagolide, yemwe penshoni yake inali madola 126.85 pamwezi, inamveka dziko lonse. Mkwiyo wawo sunali pa ligi yokha. A Gene Upshaw, omwe ankatsogolera bungwe la osewera, anali atanena poyera kuti iwo sagwirira ntchito opuma, chifukwa opumawo sanawalembe ntchito ndipo sangawachotse. Mu Juni chaka chomwecho nkhaniyi inakafika kunyumba ya malamulo ku Washington, ndipo mgwirizano wa 2011 pakati pa ligi ndi osewera unapatula madola 620 miliyoni okwezera penshoni ya omwe anasewera isanafike 1993.

Nkhani ya ubongo inayendanso njira yomweyi. Mike Webster ankasewera pakatikati pa mzere wakutsogolo wa Pittsburgh, pomwe mitu imagundana mpira ukangoyamba, ndipo anali ndi mphete zinayi zomwe amapatsa opambana Super Bowl. Anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 50, atakhalapo nthawi akugona m'galimoto, mutu utasokonekera. Dokotala wopima mitembo, a Bennet Omalu, obadwira ku Nigeria, anapima ubongo wake n'kupezamo matenda omwe amadziwika kuti CTE, obwera chifukwa cha kugundidwa m'mutu mobwerezabwereza. Atasindikiza zomwe anapezazo mu 2005, madokotala a ligi anafuna kuti zichotsedwe. Ofufuza a ku Boston University, podziwa komwe makamera ali, anakalengeza zotsatira zawo ku Tampa m'sabata ya Super Bowl ya 2009: ubongo wa Tom McHale, yemwe anasewerapo timu ya mumzinda womwewo namwalira ali ndi zaka 45, unali ndi matenda omwewo. Mu 2017 gulu lomwelo linapeza CTE mu ubongo wa osewera akale a NFL 110 mwa 111. Chiwerengerochi chimafuna kuchimva bwino. Ubongowo unaperekedwa ndi mabanja omwe ankakayikira kale kuti china chake sichili bwino, ndiye sichikutanthauza kuti pafupifupi wosewera aliyense ali nawo matendawa. Komabe ligi, itakana kwa zaka zambiri, inavomera mu 2016 kudzera mwa mkulu wake woona zaumoyo, a Jeff Miller, kuti mpirawu ndi matendawa n'zogwirizana.

Osewera akale oposa 4,500 anaisumira ligi. Mu 2013 mbali ziwirizi zinagwirizana za madola 765 miliyoni, kenaka malire a ndalamawo anachotsedwa, ndipo zomwe zalipidwa zinadutsa kale biliyoni imodzi. Ngakhale pamenepo panatuluka chochititsa manyazi china. Poyeza ngati nzeru za munthu zatsika, ankagwiritsa ntchito muyeso woganizira kuti munthu wakuda amayambira pansi kale, zomwe zinkachititsa kuti kukhale kovuta kuti akuda alandire chipukutamisozi. Kevin Henry ndi Najeh Davenport anakasuma mu 2020, ndipo ligi inalonjeza kuusiya muyesowo mu 2021.

Zonsezi zimakhala patebulo paja ngakhale palibe wazitchula. CTE imatsimikizika pokhapokha ubongo ukapimidwa munthu atamwalira. Ndiye bambo wa zaka 58 yemwe akuseka pa maikolofoni sadziwa ngati kuiwala pomwe waika makiyi ndi ukalamba chabe kapena ndi chiyambi cha zina. Woulutsa amamufunsa za tsiku lomwe anagunda munthu mpaka kukomoka, onse n'kufa nacho chikhakhali, kenaka mwina amafunsa mwaulemu kuti thupi likuti bwanji masiku ano. Yankho lomwe limabwera kawirikawiri ndi loti atapatsidwanso mwayi akhoza kusewerabe. Ndikhulupirira kuti ambiri amanena zochokera pansi pa mtima. Koma ndi yankho lotseka nkhani, ndipo womuyendetsa uja sanabwere kudzamva za matenda. Jim McMahon, quarterback wa Chicago ya 1986 ija, ndi mmodzi mwa omwe saitseka. Wakhala akunena poyera za kuiwalaiwala ndi litsipa losatha, komanso kuti chamba chinamuthandiza kusiya mapilitsi opha ululu. Naye pambuyo pake analowa bizinesi ya chamba, moti umboni ndi malonda zimatulukira pakamwa pamodzi, ndipo womvera ayenera kupeta yekha.

M'zaka khumi zapitazi zinthu zatembenuka. Opuma ambiri sakudikiranso kufunsidwa, ndi iwo akufunsa. Pat McAfee, yemwe ntchito yake ku Indianapolis Colts inali yomenya mpira ndi phazi basi, anasiya mu 2017 ali ndi zaka 29 n'kuyamba kulankhula pa intaneti. Mu 2023 ESPN inatenga pologalamu yake pamtengo womwe malipoti anati ndi madola 85 miliyoni pa zaka zisanu. Shannon Sharpe, Cam Newton ndi Jason Kelce aliyense ali ndi yake. Nsanja za anthu oterewa ndi zomwe zimaunjikira khamu pa Radio Row, mawayilesi akale aja ali phee m'matebulo awo. Osewera amamasuka akakhala ndi mnzawo, ndipo nkhani zomwe sakanauza mtolankhani zimatuluka. Chomwe chimasowa ndi funso lachiwiri, lija umafunsa munthu akazemba loyamba. Mnzako sumupanikiza, makamaka ngati ukufuna adzabwerenso. McAfee anavomera mu 2023 kuti quarterback wotchuka Aaron Rodgers wapeza madola oposa miliyoni imodzi pobwera pa pologalamu yake sabata ndi sabata. Brady ali ndi gawo mu timu ya Las Vegas Raiders kuyambira Okutobala 2024, uku akufotokoza pa kanema masewero a matimu opikisana ndi timu yakeyo. Ligi nayo inatsegula kanema wakewake, NFL Network, mu 2003, wodzaza ndi osewera opuma, ndipo mu Ogasiti 2025 inalengeza kuti ikumupereka kwa ESPN posinthana ndi gawo la 10 peresenti ya ESPN yomweyo. Funso la penshoni kapena la ubongo likamasowa pa mapologalamu otere, sipafunika munthu woliletsa. Onse okhala patebulopo chakudya chawo chikuchokera kumodzi.

Kwathu kuno mpirawu umayamba cha m'ma 1:30 usiku, kukucha Lolemba, ndiye ambiri sabata yonseyi amaionera m'tizidutswa ta pafoni, momwe kamphindi ka malonda kaja kadulidwa kale, chatsala ndi chiganizo chimodzi chokopa anthu. Omwe ali ku Britain amamudziwa Osi Umenyiora, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, yemwe anatenga chikhochi kawiri ndi Giants nakhala zaka zambiri akufotokoza mpirawu pa kanema wa BBC. Ndi iye ali patsogolo pa ntchito ya NFL yosaka achinyamata mu Africa, yomwe inachititsa misasa ku Ghana mu 2022, ku Kenya mu 2023 ndi ku Nigeria mu 2024. Akamakamba za mwayi womwe mpirawu ungapatse mnyamata wa ku Lagos kapena ku Nairobi, amakamba zomwe anaziona yekha, komanso amakamba ngati kazembe wa ligi. Zomwe makolo a mnyamatayo angafune kumva sizimalowa kawirikawiri m'mphindi 8 zija. Penshoni ya NFL imayamba kwa yemwe wakwanitsa zaka zitatu zowerengedwa m'ligi, ndipo inshuwalansi ya chipatala ya wotereyo imapitirira zaka zisanu zokha atapuma. Yemwe bondo lamuthera m'chaka chachiwiri penshoniyo saiona, ndipo palibe kampani ya malezala yomwe imamubweretsa kuti adzasimbe.